Netiweki palibe, mubwerenso mawa

Kwathu kuno ku Senga Bay ndili ndi udindo womwe sindinaufunsire. Chibwerereni ku yunivesite ndi digiri yanga ntchito yeniyeni sindinaipeze, koma pamudzi pano ine ndine ofesi. Wofuna kuona ngati mwana wake wakhoza mayeso amabwera kwa ine. Wolandira meseji yachizungu yomwe sakuimva amabwera kwa ine. Wofuna kutumiza chithunzi cha chitupa kwa m'bale wake ku Joni, wokayika ngati uthenga woti wapata mphoto ndi woona kapena ndi wa akuba, onsewo amagogoda pakhomo panga. Chifukwa chake n'chakuti ndili ndi foni ya WhatsApp ndipo chizungu ndimachimva. Basi.

Ndiye ndikamamva mabwana pa wailesi akunena kuti dziko lino likuyenda bwino pa nkhani za dijito, ndimaona kuti ndili ndi ufulu wofunsa mafunso. Katundu amene dijito yawoyo yalephera kusenza akusenza ndine.

Azakhali anga amachita geni ya usipa. Tsiku lawo limayamba kusanache, pagombe, nthawi imene maboti a chilimira akukocheza. Ukachedwa pamenepo wagwa nayo: usipa wabwino atenga anzako, thandala lako likhala lopanda kanthu tsiku lonse. Chaka chatha ankafuna kalata ina yokhudza ndalama za malemu amuna awo ku ofesi ina ya boma. Ofesiyo sinditchula, chifukwa mnyamata wokhala pa kauntala paja si amene analakwa. Ulendo woyamba anakwera kabaza mpaka pa siteji, kenaka Sienta mpaka kuboma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Anakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Yankho lake: "Mayi, netiweki palibe, mubwerenso mawa." Ulendo wachiwiri netiweki inalipo koma magetsi anali atathima, jenereta ilibe mafuta. Ulendo wachitatu zonse zinali bwino, koma anawabweza kuti akapangitse fotokope ya chitupa chomwecho chimene kompyuta inali itangochiwerenga kumene.

Madzulo ake anandiitana. "Iwe mwana wa achimwene, poti unapita kusukulu, tandiuza. Netiwekiyo kwawo n'kuti? Bwanji osangondilozera ndikamudikirire pakhomo pake?"

Ine ndinaseka. Iwo sanaseke. Anali atataya masiku atatu a geni ndi thiransipoti ya maulendo atatu, ndalama yoti akanapikula zigoba zingapo za usipa. "Kale," anatero, "unkapeza kalaliki ndi buku lake. Akhale waulesi, akhale wamwano, koma buku silinkathawa."

Musandimve molakwa. Sindikulira kuti tibwerere ku mabuku odyedwa ndi chiswe ndi mafayilo osowa dala mpaka upereke ya fanta. Dijito ndimaifuna, mwinanso kuposa nduna zimene zimaitchula m'malankhulidwe awo. Chimene ndikukana ndi muyeso umene boma likugwiritsa ntchito podziyamikira. Boma limawerenga zimene lagula ndi zimene lakhazikitsa. Ife timawerenga maulendo amene tasiya kuyenda. Ndipo pa muyeso wachiwiriwu, azakhali anga sanapindule ngakhale ulendo umodzi.

Zimene analonjeza okha

Ambiri a inu simunaionepo, koma dziko lino lili ndi ndondomeko ya zaka zisanu yotchedwa Digital Economy Strategy, ya 2021 mpaka 2026. Anailemba ndi a National Planning Commission, omwe aja a masomphenya a Malawi 2063. Chaka chake chomaliza ndi 2026. Ndiye si mwano kufunsa kuti tafika pati. Mlimi amakolola, wa geni amawerengera mpamba wake, nalonso boma liwerengere.

Mu ndondomekoyo analemba okha, popanda wowakakamiza, kuti pofika 2026 anthu 80 mwa 100 aliwonse adzakhala akugwiritsa ntchito intaneti. Poyambira pake panali 14.6, malinga ndi kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019. Kafukufuku wotsatira, wa 2023, anapeza anthu 18 mwa 100 aliwonse. Tengani foni yanuyo muwerengetse nokha. Pa zaka zinayi tinakwera ndi 3.4. Kuti tifike pa 80 ndi liwiro limenelo tikufunika zaka zoposa 70. Ngakhale 2063 yomwe timaiimbira nyimboyo idzatipeza tili panjira.

Wina anena kuti ziwerengero zina zimaonetsa zabwinoko. Eya, zilipo, ndipo zambiri zimawerenga ma SIM khadi. Ine ndili nawo awiri, wina wa bandulo wina woimbira. Mnzanga wa pa shopu ya Airtel Money ndi Mpamba ali nawo anayi. Ukatiwerenga motero ndife anthu asanu ndi mmodzi, chonsecho tilipo awiri, ndipo azakhali anga sakulowamo.

Zimene adzakuonetsani

Mukafunsa funso limeneli adzakutulutsirani mndandanda, ndipo zinthu za pa mndandandawo n'zoona. Tisanamizane. Mu 2017 boma linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti akhale ndi chitupa cha unzika, ntchito yaikulu yomwe inatheka m'miyezi yochepa. Chaka chomwecho World Bank inavomereza ndalama zokwana 72.4 miliyoni za ku America za pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe inalumikiza ku intaneti masukulu, zipatala ndi maofesi a boma oposa 500, n'kuikanso Wi-Fi yaulere m'malo ena. Nthambo za faiba zinayalidwa ndi kampani ya Huawei motsatira mizere ya ESCOM. Mu 2022 anatsegula National Data Centre ku Blantyre, nkhokwe yosungiramo zinthu za boma za pa kompyuta. Mu 2024 tinakhala ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makina, Data Protection Act. Starlink inalowa m'dziko muno mu 2023.

Zonsezi ndi maziko, ndipo nyumba imafunadi maziko. Koma munthu sagona pa maziko. Ukamanga maziko kwa zaka pafupifupi khumi, n'kumaitana atolankhani chaka chilichonse kuti adzajambule maziko omwewo, anthu ayamba kufunsa za denga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nthambo yodutsa pamwamba pa mudzi wako si intaneti yako, monganso mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa denga lako sayatsa babu m'nyumba mwako.

Chowawa kwa ife a ku Salima n'chakuti misonkhano yambiri yokambirana zoterezi imachitikira kwathu konkuno. Lolemba m'mawa magalimoto a MG amatsika kuchokera ku Lilongwe, kudutsa pa Kamuzu Road, kulunjika kumahotela a m'mbali mwa nyanja. Amapachika chinsalu cholembedwa chizungu chachitali, amayatsa pulojekita, amakambirana za mmene angafikire "munthu wakumudzi". Munthu wakumudziyo ali kuseri kwa mpanda, mamita 200 okha, akukoka khoka. Palibe amatuluka kukamufunsa kuti foni yake ndi yotani, amatchaja kuti, bandulo amagula ya zingati. Lachisanu amasayina alawansi, amagula chambo, amachipachika pa galasi la galimoto, ulendo wa ku Lilongwe. Boma lililonse likafuna kuoneka losamala ndalama limaletsa misonkhano ya kunyanja. Pakapita miyezi ingapo timawaonanso akutsika.

Dijito ya theka

Matenda athu enieni ndi dijito ya theka. M'mayiko momwe zinthuzi zikuyenda, kompyuta imachotsa sitepe. Kuno imaonjezera. Umalemba fomu pa intaneti, kenaka umakaisindikiza, kenaka umakaidinditsa, kenaka umainyamula pamanja kupita nayo ku ofesi komwe wina akailembenso mu kompyuta. Pepala silinachoke, mzere sunachoke, koma paonjezereka bandulo, fotokope ndi netiweki.

Kumbukirani mmene AIP inayambira mu 2020. Ganizo lake linali labwino: mlimi abwere ndi chitupa chake, achiwerenge pa makina, agule feteleza wotsika mtengo, makuponi achinyengo athe. Koma nyuzipepala ndi mawailesi anadzaza ndi nkhani za alimi ogona pa madepoti chifukwa netiweki yavuta, mvula ikugwa, chimanga chikufuna feteleza kumunda. Amene anakonza dongosololo anaganizira za wakuba, zomwe n'zofunika. Sanaganizire za gogo wa ku Khombedza amene wayenda wapansi kuchokera m'bandakucha, ndipo makina akakana alibe njira ina.

Kumbukiraninso za mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima m'dziko lonse. Mu February chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ku Immigration alowedwa ndi akuba a pa intaneti omwe akufuna dipo. Ena anatsutsa, nati gwero lake ndi kusamvana ndi kampani ya Techno Brain, yomwe boma linathetsa nayo mgwirizano mu December 2021. Kaya zoona zinali ziti, phunziro lake ndi limodzi: dziko lathunthu linapezeka kuti kiyi wa nyumba yake lomwe sali m'manja mwake. Odwala ofuna kukalandira chithandizo kunja, ophunzira opeza mwayi wa sukulu, anyamata oitanidwa ntchito, onse anangoti kakasi kwa masabata. Ntchito itayambiranso anatsitsa mtengo wa pasipoti kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, tinaomba m'manja, n'kuiwala kufunsa funso lenileni: makina ena onse amene tagula ndi ngongole, kiyi wake akusunga ndani?

Dzanja lina likupereka, lina likulanda

Ndondomeko ya 2021 ija inanenanso poyera kuti msonkho wa 10 peresenti wa pa data ndi pa mameseji, womwe unabwera mu 2015, uyenera kuchoka. Analemba okha. Chaka cha 2024 chinatha msonkhowo udakalipo, pamwamba pake pali VAT. Ndiye boma lomwelo, unduna wina ukuti aliyense alowe pa intaneti, unduna wina waima pachipata ukudula tikiti. Mu 2019 anayesanso kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizirana pa foni, mpaka anthu anachita phokoso n'kuubweza.

Mitengo ya bandulo inatsikako, zimenezo ndivomera. Koma kumbukirani kuti inatsika liti: mu 2020, achinyamata atakuwa pa Facebook ndi pa Twitter kuti data itsike mtengo. Silinali phwando la ku hotela limene linatsitsa, linali phokoso lathu.

Ndipo bandulo yotchipa ilibe ntchito kwa munthu amene alibe foni yoilowetsamo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Foni iliyonse m'dziko muno imachokera kunja, imagulidwa ndi dola. Mlovi amene mu 2021 ankati akasunga ndalama za miyezi iwiri ya usipa wambiri agula foni ya WhatsApp, lero akuona mtengo ukumuthawa ngati bwato lomasuka chingwe. Akadali ndi mose wa lero wake womanga ndi labala, ndipo dongosolo lililonse la boma lofuna kuti munthu akhale ndi app lamutsekera kunja asanagogode n'komwe.

Nanga kutchaja? Apa ndiye pamandipweteka kwambiri. Ku Nanjoka, m'boma lathu lomwe lino, kuli munda waukulu wa magetsi a dzuwa wa kampani ya JCM, wotulutsa mamegawati 60, womwe unatsegulidwa mu November 2021. Tinanyadira, ndipo n'koyenera. Koma magetsiwo amalowa mu mawaya a dziko lonse n'kumapita, pamene midzi yambiri ya m'boma lino ikutchajitsabe foni ku babashopu ndi ku mashopu a kanema, kulipira tsiku ndi tsiku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi. Chiwerengerocho chakwerako, koma mbali yaikulu ndi timasola timene anthu agula okha, ambiri pa ngongole. Dijito imadya magetsi ngati mmene injini ya boti imadyera petulo. Kukamba za boma la pa kompyuta usanakonze zoti ofesi ya kuboma ikhale ndi sola ndi batire yake n'kugula ukonde ulibe bwato.

Zimene zimagwira ntchito timazidziwa kale

Chondikwiyitsa n'chakuti sitikusowa chitsanzo. Sitikufunika kupita ku Estonia kapena ku Rwanda kukaphunzira, ngakhale maulendo oterowo mabwana amawakonda.

Taonani ndalama za pa foni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Lero azakhali anga omwe aja, amene sukulu analekezera Sitandade 5, amatumiza usipa pa galimoto kupita ku Lilongwe, kasitomala wawo n'kuwatumizira ndalama pa foni tsiku lomwelo. Palibe anawachititsa maphunziro ku hotela. Anaphunzira okha chifukwa chinthucho chimagwira pa foni ya mabatani, sichifuna bandulo, ejenti ali pafupi, ndipo chinawachotsera ulendo. Anthu akumudzi si mbuli za zamakono monga mmene malipoti amawanenera. Chinthu chikakhala chaphindu amachigwira msanga kuposa ife a madigiri.

Taonaninso Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenaka chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba ulere, amalankhula ndi wachipatala m'chilankhulo chake, amauzidwa ngati n'zofunika kuthamangira kuchipatala kapena ayi. Palibe password, palibe fomu yachizungu. Imeneyo ndiyo dijito ya dziko limene anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi.

Tsono yerekezani ndi mawebusaiti a boma. Pafupifupi onse ali m'chizungu chokhachokha. Ndondomeko imene ikuti ikufuna kufikira anthu 80 mwa 100 aliwonse nayonso ili m'chizungu, ndipo chizungu chake n'choti ngakhale ine ndimawerenga kawiri. Ukufuna kufikira anthu, koma sukufuna kuwalankhula m'chilankhulo chawo. Ndiye ukufuna kufikira ndani?

Msuweni wanga ndi siginala, amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku kukopa usipa. Kuyambira May mpaka August mwera ukamaomba, mayi ake sagona. A zanyengo amapereka machenjezo a mwera, ndipo amene tili pa WhatsApp timawaona, ena amawamvera pa wailesi. Koma foni ya msuweni wangayo tsiku lililonse imalandira mameseji otsatsa malonda ndi a juga, osawaitana, osalipira. Ngati uthenga woti abetche mpira ukutha kumupeza pagombe, chikuletsa n'chiyani kuti chenjezo la mwera lizimupeza chimodzimodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, dzuwa lisanalowe, pa foni iliyonse ya m'mbali mwa nyanja? Nsanja zake n'zomwezo. Chosowa si luso. Chosowa ndi munthu wa udindo amene anakhalapo pagombe usiku kudikira boti lomwe silikubwera.

Pomwe boma limafulumira

Pali mbali imodzi ya dijito imene boma silichedwa nayo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwa ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook, atolankhani ena n'kulandidwa mafoni. Kumayambiriro kwa 2025, chaka cha chisankho, MACRA inalengeza zogula makina a ndalama pafupifupi 1.5 miliyoni za ku America ku kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom, akuti ounikira nkhani zabodza pa intaneti. Mabungwe omenyera ufulu anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa.

Mabodza a pa intaneti alipo, akuba a pa foni aliponso, ndipo amene amaberedwa kwambiri ndi anthu ngati azakhali anga. Koma taonani kusiyana kwake. Munthu akanyoza mtsogoleri pa gulu la WhatsApp amapezeka m'masiku ochepa. Gogo akaberedwa ndalama za fizi ya mdzukulu ndi munthu wonamizira kuti ndi wa kampani ya foni, kawirikawiri nkhani imathera pa "pepani", chonsecho SIM khadi iliyonse inalembetsedwa ndi chitupa kuyambira 2018. Netiweki yofufuzira wonyoza sivuta. Imavuta ndi yothandizira mayi wamasiye.

Mayankho amene ndikuwadziwa kale

Wina alemba m'munsimu kuti dziko ndi losauka, tidekhe. Zoona, ndife osauka. Namondwe Ana anawononga Kapichira mu January 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Freddy anabwera mu 2023 n'kupha anthu ambirimbiri. Kolera, njala, kusowa kwa dola, zonsezo ndikuzidziwa, ndimakhala momwemuno. Koma umphawi ndi chifukwa chosankhira bwino, osati chobisalirapo. Kumasulira webusaiti m'Chichewa sikufuna dola. Kulamula kuti ofesi isapemphenso fotokope ya chitupa chimene yachiwerenga kale pa makina sikufuna ngongole ya World Bank. Ndipo amene analemba 80 mwa 100 uja si ine. Ngati ankadziwa kuti n'zosatheka, analemberanji? Ngati ankakhulupirira kuti n'zotheka, atiuze chinalakwika n'chiyani.

Wina abwera ndi za chipani. Aise, pamenepo ndiye musataye nthawi. Msonkho wa pa data unabwera mu 2015, nthawi ya DPP. Digital Malawi inayamba mu 2017, nthawi ya a Peter Mutharika. Ndondomeko ya 80 mwa 100 inabwera mu 2021, nthawi ya a Chakwera, ndipo chipwirikiti cha mapasipoti chinachitika m'manja mwawo. Mu September 2025 tinavota, a Mutharika abwereranso. Aliyense wagwirako chiwongolero, aliyense wadulako riboni, ndipo benchi ya ku ofesi ija ndi yomweyo. Amene akufuna kuteteza mtundu wa nsalu yake apite akawafotokozere azakhali anga pagombe.

Ifenso tilimo

Ndisamangoloza chala. Inu amene mukuwerenga izi pa foni yanu, ine amene ndalemba, tili m'gulu la anthu 18 aja. Timaganiza kuti Malawi ndi anthu amene timawaona pa Facebook. Bandulo ikakwera timakuwa mpaka atsitse, koma sitinakuwepo chifukwa cha munthu amene alibe foni n'komwe. Tikapeza ntchito ku bungwe timakapanga app yokongola yoti tikaonetse azungu opereka ndalama, osadzifunsa kuti amayi athu omwe angaigwiritse ntchito bwanji.

Ndipo ndivomere chinthu chimodzi chochititsa manyazi. Anthu aja akabwera kuti ndiwathandize pa foni, ena amandisiyira kangachepe, ena kambale ka usipa. Ndimalandira. Ulova ndi woipa. Koma usiku wina ndinadzifunsa kuti kodi ine ndikusiyana pati ndi madobadoba oima pa zipata za maofesi m'tauni? Onsefe tikudya chifukwa njira yolunjika ndi yotsekeka. Dijito ya theka sinathetse dobadoba, yangomupatsa digiri ndi foni ya WhatsApp.

Kumpoto kwa boma lino kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi pachilumbapo nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, kuti nsomba ziswane. Malamulo ake msodzi aliyense amawadziwa pamtima, m'chilankhulo chake. Amadziwa amene amawayang'anira, amadziwa chilango chake, ndipo chilumba chikatsegulidwa aliyense amaona ndi maso ake ngati utaka wachuluka kapena ayi. Imeneyo ndi ndondomeko: anthu akuidziwa, mwini wake akudziwika, zipatso zake zikuoneka. Yathu ya dijito malire ake ndi chaka cha 2026, ndipo ndikukubetcherani kuti pa msika wa Kamuzu Road simupeza anthu asanu amene anamvapo dzina lake.

Ndiye tikufuna chiyani

Posachedwa mumva kuti akukonza ndondomeko yatsopano, ya zaka zina zisanu, ndipo magalimoto aja atsikanso. Asanatsike, pali zinthu zimene tiyenera kuumirira.

Choyamba, atiwerengere yakaleyi. Lonjezo lililonse, pomwe tinayambira, pomwe tafika, ndalama zimene zapita, ndi dzina la ofesi imene inayenera kuchita. Zilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, ziwerengedwe pa wailesi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Si chisomo, ndi ufulu wathu, ndipo ife amene timadziwa kulemba kalata tiyambe kuligwiritsa ntchito.

Chachiwiri, zimene analemba okha zokhudza misonkho ya pa data ndi pa mafoni otsika mtengo azichite, kapena anene poyera kuti anasintha maganizo.

Chachitatu, ntchito iliyonse ya boma yoikidwa pa makina iyambire pa foni ya mabatani, pa manambala ongodina ndi pa kuimba, m'zilankhulo zathu. App ibwere pambuyo.

Chachinayi, pakhale lamulo losavuta: munthu asabwezedwe chifukwa cha netiweki. Makina akakana, ofesi ilandire mapepala ake, ilembe nambala yake, imalize ntchitoyo netiweki ikabwera, imutumizire meseji. Vuto la makina a boma lisenzedwe ndi boma, osati ndi thumba la mayi wa usipa.

Chachisanu, makina alionse ogulidwa ndi ndalama zathu kapena ndi ngongole imene tidzabweze ife ndi ana athu, kiyi wake akhale m'manja mwa Amalawi. Achinyamata amene anaphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Chanco ndi ku Mzuni alipo ambirimbiri, ena akugulitsa mayunitsi m'misewu.

Ndipo muyeso wake ukhale umodzi, woti aliyense angathe kuumva: chaka chino, ndi maulendo angati opita kuboma amene munthu wa kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi kapena ku Chipoka wasiya kuyenda chifukwa nkhani yake yatheka pa foni?

Kalata ija azakhali anaipeza pa ulendo wachinayi. Anaikulunga mu pulasitiki n'kuiika pansi pa sutikesi, pamodzi ndi mafotokope asanu a chitupa chawo omwe anapangitsa tsiku lomwelo. Nditawafunsa kuti asanu onsewo ndi a chiyani, anandiyang'ana ngati mwana wosadziwa dziko.

"Iwe, anthu ake ndi omwewa. Adzafunanso."